Masamba a monstera wanga akuuma m'mphepete, ndithandizeni

Amayi ndi abambo okonda maluwa, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi monstera, chomera chokongoletsa pakhomo cha masamba akuluakulu ong'ambikang'ambika, mumphika pakhonde kuno ku Kapata, mu Chipata. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala, masamba akale akuuma m'mphepete, ndipo pakati pa pouma ndi pobiriwira pali kamzere kachikasu. Atsopano okha ndiwo akutuluka bwino. Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kunsi kwa masamba: kuli timadontho toyera ndi kaukonde kopyapyala.

Ndimathirira madzi a pachitsime dothi likauma pamwamba, koma pamlomo pa mphika payamba kuyera ngati mchere. Kodi vuto ndi dzuwa lamasana, madziwo, kapena tizilombo? Ngati ndi tizilombo, madzi a sopo angathandize osawotcha masamba? Nanga owonongekawo ndidule kapena ndiwasiye?