Ndili pa ma ARV, andipeza ndi HPV yosakhala 16 kapena 18

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndamwa ma ARV zaka 9 osadumphitsa, kachilombo ka HIV sikaonekanso m'magazi. Mwezi watha anandiyeza HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, pakapepala analemba kuti mitundu 16 ndi 18 mulibe, koma muli ina yoopsa, gulu la 31, 33, 35, 52 ndi 58. Atapaka viniga pakhomo la chiberekero, anamwino anaona kachigamba koyera. Akuti si khansa, koma kukalekerera kangasanduke khansa, ndiye anandiwotcha pompo.

Ine ndinkangomva za 16 ndi 18 basi. Kodi inayi nayonso imafulumira kuyambitsa khansa kwa ife okhala ndi HIV? Amene munawotchedwapo, kachigambako kanabwereranso? Andiuza ndikabwerere pakatha chaka, koma kwa ine kwatalika, tulo sindikuona. Komanso madzi akutulukabe kumaliseche, lero tsiku la 8 chindiwotchereni, ndimomwe zimakhalira?