Mlendo wanga akuopa .300, ndimubwereke mfuti iti ya elk?

Wapamsasa ku Gunnison: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Abwana andisiyira mlendo amene adzasake elk (nyama yaikulu ya mtundu wa gwape) kuno ku Colorado, ku America, mu Okutobala. Wagula .300 Winchester Magnum yatsopano, koma pachandamale akutsinzina asanakhethemule, zipolopolo zikumwazikana pa mayadi 100 pomwepa. Pamsasa tili ndi .30-06 ndi 6.5 Creedmoor. Ndimupatse iti?

Mlenje wa ku Luangwa: Mupatseni .30-06, achimwene, ndi chipolopolo cholemera magireni 180. Elk yamphongo imaposa makilogalamu 300. Kuno ntchefu ndi yolemera kuposa pamenepo, koma imagwa ndi mfuti yomweyi. Ndi ya 1906, inde, koma sinakalambe.

Wa ku Craig: Pepani akulu, pamenepo nditsutsako. Munthu amene wayamba kale mantha, .30-06 imukankhabe paphewa. Creedmoor ndi yofatsa, ndipo lamulo la kwathu kuno ku Colorado likuilola: limafuna mfuti ya kukamwa kosachepera .24 ya inchi, chipolopolo chotambasuka cha magireni 85 kupita m'mwamba, ndi mphamvu ya ma foot-pound 1,000 pa mayadi 100. Ku Sweden akhala akupha mphalapala zawo za moose ndi 6.5x55 kuyambira kale.

Mlenje wa ku Luangwa: Lamulo limangonena poyambira. Nyama ikaima chopingasa, chipolopolo n'kulowa kuseri kwa phewa, zonse ziwiri zimafika m'mapapo. Nanga ikaima chopendekera kwa inu, fupa la phewa lili patsogolo? Apo mpamene kulemera kwa chipolopolo kumaonekera. Ndipo yovulala ikathawa, woilondola ndinu, osati mlendo.

Wa ku Craig: Izo nzoona. Imatsetserekera kuchigwa cha mitengo yothithikana, nyama yake n'kumaitulutsa pamsana, mpweya uli wochepa kumapiriko. Koma tisalimbane ndi nambala yokha. Chipolopolo chikhale cholimba, Nosler Partition kapena cha kopa cha Barnes, osati chopangidwira chandamale.

Wokonza mfuti: Musanasankhe, muyeseni kaye. Mumuikire mfuti inuyo iye asakuona, nthawi zina muziika chipolopolo chabodza. Akakhethemula popanda kulira, muona nokha mmene mpope ukugwera pansi. Avalenso zotseka m'makutu ziwiri, zolowetsa ndi zovindikira, chifukwa ambiri amaopa phokoso kuposa kukankha. Wina akuuzani za muzzle brake, kachitsulo koika kukamwa kwa mpope. Imachepetsadi kukankha, koma makutu a inu woima pambali ndi amene alipire.

Wapamsasa ku Gunnison: Zikomo nonse. Tayesa monga mwanenera. Atatseka makutu, .30-06 ya magireni 165 waikwanitsa: pa mayadi 200, atatsamiritsa pachikwama, zonse zagwera malo osaposa chikhatho. Ndi .300 akutsinzinabe. Tagwirizana kuti atenga .30-06, ndipo kupitirira mayadi 250 sawombera.

Mlenje wa ku Luangwa: Ayesenso atakwera chitunda, akupuma wefuwefu. Patebulo aliyense ndi katswiri.

Wapamsasa ku Gunnison: Mawa m'mawa tikwera. Chatsala n'kumuuza kuti .300 yake ya ndalama zambiri ija itsala mugalimoto. Imeneyo ndawasiyira abwana.