Sikono ya mbatata ku Namiwawa: ndi mbatatadi kapena utoto?

Mayi wa ku Chilomoni:
Loweruka mlamu wanga ananditengera pa kabekale kena ku Namiwawa, kanyumba ka matebulo ochepa, uvuni uli kuseri kwa kauntala, fungo la batala likukulandira usanalowe n'komwe. Ndinadya sikono yachikasu kwambiri, yofewa mpaka pakati, mtsikana wogulitsa akuti muli mbatata yofiira mkati. Kenako banzi lodulidwa pakati, atapakamo kirimu wa malambe wowawasa pang'ono, ndi khofi wa ku Misuku. Zinandikoma, koma mlamu akuti mtunduwo ndi utoto wa m'botolo, mbatatayo ndi dzina lokwezera mtengo basi. Mtengowo ndiye usanene, sikono imodzi ndi mandasi a banja lonse. Ophika inu, mbatata ingapereke mtundu wotere? Nanga malambe amawasakaniza bwanji mkaka osadula?

Wophika wa ku Bvumbwe:
Mayi, alamu anuwo auzeni akhale pansi. Mbatata yofiira mkati imapereka mtundu umenewo yokha, makamaka ija yotchedwa Kadyaubwerere. Zondeni imatuluka yotuwirako pang'ono. Utoto umaonekera, mtundu umakhala umodzi ponseponse, pomwe ya mbatata ukainyema umapeza timadontho takuda ndi tiulusi.

Ine ndimaiphika ndi makoko ake pa madzi ochepa, ndisende, ndipote ikadali yotentha mpaka ikhale phala lopanda mibulu, kenako ndiisiye izizire. Pa makapu atatu a fulawa, kapu imodzi ndimachotsa n'kuikapo mbatata. Mukapyola apo sikono imalemera, siifufuma, chifukwa chimene chimagwira mpweya mu mtanda chili mu tirigu, mu mbatata mulibe. Shuga chepetsani, mkaka muziika pang'onopang'ono, mbatatayo imabwera ndi madzi ake. Ndipo musakande ngati buledi, kungosonkhanitsa basi.

Zokwezera mtengo sindikuvomera. Tirigu wambiri amene timaphikira kuno amachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba la fulawa linatilasa tonse. Mbatata imatsitsa mtengo wa mtanda. Chimene mukulipira ndi batala, lendi ya ku Namiwawa ndi jenereta.

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Za malambe ndiyankhe ine. Ufa wa malambe ndi wowawasa, ukauthira mu mkaka wotentha umadula pomwepo. Sefani kawiri, sakanizani ndi shuga wosalala uja wa makeke, kenako mumenye ndi batala wofewa. Mkaka supuni imodzi, wozizira, kumapeto. Ndi majarini zimatheka koma kukoma kumatsalira m'kamwa ngati mafuta.

Bambo wa ku Ndirande:
Inu a kumpanda mwayamba. Malambe amene ana amayamwa pa geti ya sukulu, lero alowa mu banzi akudyedwa ndi foloko. Ine chigumu cha pa msika ndi tiyi wa Chombe zandikwanira.

Mayi wa ku Chilomoni:
Achimwene a ku Ndirande, chigumu analinso nacho, chothira mtedza wokazinga pamwamba. Foloko sanatipatse.

Mwana wa ku Chitipa:
Ine chandikoka ndi khofiyo. Kwathu ku Misuku makolo amalima arabica m'mapiri, n'kumagulitsa kudzera mu koparetivu ya Mzuzu Coffee, koma pakhomo timamwa tiyi. Khofi wathu ndinamulawa bwino nditabwera ku Blantyre. Mukapitanso mufunse tsiku limene anamukazinga, komanso ngati amagaya pomwepo. Wogayiratu amatha fungo msanga. Choyamba mulawe opanda shuga, kamodzi kokha, kenako muthire mmene mukufunira.

Mayi wa ku Chilomoni:
Amagaya pomwepo, kamakina kake kanali kusokosa tikucheza. Amayi a ku Bvumbwe, Kadyaubwerere ndingaipeze ku msika wa Limbe mwezi uno, kapena ndikwere minibasi ndibwere konko?