Amayi akufuna kugulitsa puloti ati Yesu ali pakhomo, ndiwauze chani?

Amake Taonga, Chawama:
Abale mwa Ambuye ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 63, amagulitsa tomato ku msika wa Soweto ku Lusaka kuyambira ine ndili mwana, koma chiyambireni kumvera mneneri wina pa WhatsApp asinthiratu. Atuluka mu chilimba, manje akuti kapuloti kawo ka ku Kanyama kagulitsidwe, ndalama zipite kwa munthu wa Mulunguyo poti dziko likutha chaka chino. Ndikafunsa amandiwerengera zizindikiro pa zala, kolera ija ya 2024 mpaka odwala kukagona mu Heroes Stadium, chilala, madzi kuchepa ku Kariba, nkhondo ku Israel. Ine sinditsutsa kuti Yesu adzabweranso ayi, ndipo ndikawamva usiku atagwada pambali pa bedi akupemphera uku akulira, mtima umandigunda kuti mwina wogona ndine. Kodi kukonzeka kwake nkomweku?

Mkulu wa mpingo, Matero:
Mwana wanga, atsegulireni Mateyu 24:36. Tsiku ndi ola palibe adziwa, ngakhale angelo, koma Atate okha. Oika madeti sanayambe lero. Otsatira mlaliki William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu kumunda osakolola, kunja kunacha bwinobwino. Mlaliki winanso wa ku America, Harold Camping, anati 21 Meyi 2011, anthu anawononga ndalama zawo kulengeza tsikulo. Chomwe chimandiwawa nchakuti tsiku likadutsa, ena sabwereranso ku tchalitchi, amati Mulungu ndiye wawanamiza. Koma musawakalipire amayi, njala ya Mulungu ali nayo, wowadyetsa ndiye wolakwika.

Mlongo wa ku Mtendere:
Ine chinanitsegula maso ni anamwali khumi aja pa Mateyu 25. Werengani bwino, mkwati atachedwa onse anagona, ochenjera omwe! Kusiyana kunali pa mafuta chabe. Nimaganiza nthawi ija malaiti anavuta maningi, sunali kudziwa abwera ola lanji, ndiye charger inali kukhala pa soketi ukagona, malasha uli nawo, madzi watungiratu mu chigubu, koma ku ntchito unali kupitabe ana kusukulu akupita. Mafuta anga ine anali kukapepesa apongozi amene sitinalankhulane zaka 3, ninaona kuti lipenga likalira chidani chimenecho nilibe pokachibisa.

Wa minibasi, Kalingalinga:
Funso limodzi chabe amake Taonga. Ngati dziko likutha chaka chino, mneneriyo ndalama za puloti akazidyera kuti? Paja ku Shakahola ku Kenya mu 2023 anafukula mitembo yopitirira 400 ya anthu ouzidwa kusala kudya mpaka akaonane ndi Yesu. Ndipo Paulo pa 2 Atesalonika 3:10 anati wosafuna kugwira ntchito asadye. Mapepala a puloti sungani inu kaye.

Amake Taonga, Chawama:
Zikomo nonse. A mkulu, vesi ija ndawawerengera madzulo tikuphika pa mbaula, anangoti zii, kenako nkuti ndibwerezenso. Za puloti sanayankhe. Koma m'mawa anadzuka 04 koloko kupita kukaoda tomato, ndipo avomera kuti Lamulungu tikaonane ndi abusa athu tikatuluka mapemphero. Alongo a ku Mtendere, mwandilasa, nanenso pali mng'ono wanga amene ndinamuchita block mwezi wa Epulo. Mutikumbukire m'mapemphero.