Kodi rimegepant amakagwira pati kuti mutu waching'alang'ala uleke?

NaBanda_Leeds:
Abale amene munaphunzira za mankhwala, ndithandizeni. Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili kusekondale. Umagwira kumanzere, ndipo kuwala kukangondilowa m'maso, nseru yomweyo. Ndakhala ndikumwa sumatriptan, koma BP itakwera adokotala kuno anandiletsa n'kundilembera rimegepant, kapiritsi kosungunuka m'kamwa. Kakundithandiza ndithu. Anangoti "kamatseka CGRP" basi. Ine ndimasamalira okalamba, tsiku lililonse ndimagawa mankhwala, choncho sindikonda kumwa chinthu chimene sindikuchimvetsa. Kamatseka bwanji? Nanga bwanji aka akundilola pomwe sumatriptan akukaniza?

Chisale_Famasi:
Achemwali, mwafunsa bwino. CGRP ndi kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid (tizidutswa tomangira mapuloteni) 37 kamene mitsempha ya trigeminal, yomva ululu kunkhope ndi m'mutu, imatulutsa mutu ukamayamba. Kakatuluka kamakakhala pa receptor yake (malo olandirira uthenga pa selo), mitsempha ya magazi yozungulira ubongo imafutukuka, ululu n'kukula.

Receptor imeneyi ndiyo imandisangalatsa, chifukwa si puloteni imodzi. Ndi ziwiri zogwirana, CLR ndi RAMP1, ndipo CLR payokha sifika n'komwe pamwamba pa selo ngati palibe RAMP. Izi zinadziwika mu 1998. CGRP imagwira mwa magawo awiri: mchira wake umayamba wakola kunja kuja, kenaka mutu wake umalowa mkati mwa CLR n'kuidzutsa.

Tsono pamene CLR ndi RAMP1 zakumana pali kampata. Rimegepant ndi anzake, ubrogepant, atogepant ndi zavegepant, amakadzipanikiza m'kampata kameneka, pamalo penipeni pomwe mchira uja ukanakola. Zili ngati kamtengo ka machesi kathyokera mu loko: sikatsegula chitseko, koma kiyi salowanso. Mu 2010 akatswiri anajambula receptor ili ndi olcegepant komanso telcagepant, mankhwala oyambirira a gulu lomweli, mkati, n'kuona kuti mbali imodzi ya mankhwalawo imamatirira pa amino acid yotchedwa threonine, ya nambala 122 pa CLR, ina n'kubisala pakati pa ma amino acid otchedwa tryptophan a mapuloteni onse awiri.

Sumatriptan amachita zina. Amadzutsa ma receptor a serotonin (chotumiza uthenga china cha m'thupi) otchedwa 5-HT1B ndi 5-HT1D, ndipo 5-HT1B imafinya mitsempha ya magazi, ndi ya mtima yomwe. Rimegepant safinya. Komabe musasiye kuyezetsa BP, poti CGRP yomwe mukuitsekayo ndi imodzi mwa zinthu zofutukula mitsempha m'thupi.

Tadala_Biochem:
Ndiwonjezereko pang'ono pa zomwe a Chisale anena. Pa RAMP1 ya munthu, pamalo a nambala 74 pali tryptophan, pomwe khoswe ali ndi lysine pamenepo. Kusiyana kwa amino acid imodzi yokhayo kumachititsa kuti mankhwalawa azigwira mwamphamvu kwa anthu ndi anyani, koma mofooka kwambiri kwa makoswe. Ofufuza anavutika nazo zimenezi poyesa. Ndipo njira sinali yosalala: olcegepant ankafuna jakisoni wa mumtsempha, telcagepant kampani ya Merck inamusiya mu 2011 ataona kuti akuvutitsa chiwindi. Ubrogepant anavomerezedwa ku America mu 2019, rimegepant mu 2020.

MayiNamwino:
Mayi NaBanda, ine langa ndi limodzi, chifukwa ndimadziwa mmene timachitira: mankhwala akatithandiza timatumizako kumudzi. Chonde awa musatero. Rimegepant amaphwanyidwa m'chiwindi ndi puloteni yophwanya mankhwala yotchedwa CYP3A4. Wina akamamwa rifampicin wa TB, chiwindi chimawachotsa msanga moti sagwira ntchito. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, kapena akumwa clarithromycin, mankhwalawa amachulukana m'magazi. M'bale wanu mwina sangakuuzeni zomwe akumwa.

NaBanda_Leeds:
Zikomo nonse. A Chisale, za mchira ndi mutu zandimvekera tsopano. Mayi Namwino, mng'ono wanga amadwalanso mutu womwewu ndipo ndinali nditamupatulira kale mapiritsi. Ndimuuza ayambe wakaonana ndi adokotala, atenge ndi mankhwala onse amene akumwa.