Maseva ena sakulowa okha m'gulu la SCOM ngakhale value yake ili mu registry

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuntchito timayang'anira maseva a Windows pogwiritsa ntchito SCOM 2019 (System Center Operations Manager, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira maseva), ndipo ndikufuna kuti seva iliyonse izilowa yokha m'gulu lake potengera zomwe zalembedwa mu registry (nkhokwe ya ma setting a Windows), osati kumaiponyamo pamanja.

Pa seva iliyonse tinaika value yotchedwa Gawo pansi pa HKLM\SOFTWARE\Ofesi, yonena ngati seva ndi ya ntchito yeniyeni kapena yoyeserera. Ku Authoring ya mu SCOM ndinapanga attribute yowerenga value imeneyi, yomwe inabereka class ya Windows Computer_Extended, kenako dynamic group (gulu lomwe maseva amalowamo okha) yosefa pa Gawo. Discovery (yomwe imafufuza value ija pa maseva) ndinaiika kuti iziyenda pa masekondi 14400 aliwonse kuti isalemetse ma agent (timapulogalamu ta SCOM tomwe tili pa seva iliyonse).

Maseva ambiri alowa m'gululi, koma ena akana. Mu Discovered Inventory akuoneka, kungoti pa Gawo palibe kanthu. Nditatsegula regedit pa imodzi ndinapeza value ija ili pansi pa WOW6432Node (malo a mu registry a mapulogalamu a 32-bit), chifukwa script yomwe inalemba inayenda ngati 32-bit. Kodi ndingokonza malo a key pa maseva onsewo, kapena discovery imodzi ingathe kuwerenga malo onse awiri?

China chikundisowetsa mtendere: gululi lili mu management pack (fayilo yosunga ma setting a SCOM) yomwe sinachitidwe seal (kutsekedwa kuti isasinthidwe), choncho sindikutha kuligwiritsa ntchito pa override (zosintha ma setting) za mu pack ina. Inu mumachita seal pack ya magulu yokha, kapena mumangounjika zonse pamodzi? Kuunjikako ine sikukundisangalatsa. Amene munalembapo class yanuyanu mu XML m'malo mwa _Extended, kusamalira kwake kumavuta bwanji?