Banja la chikamwini latha, ana atatu akhala ndi yani?

Nkhoswe wa ku Chonde:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Banja la mphwanga wamkazi lafika posweka. Ukwati wake ndi wachinkhoswe, mwamuna anabwera chikamwini ndipo amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Ana alipo atatu, wa zaka 11, 7 ndi 2. Ankhoswe takhalapo pansi katatu koma zakanika. Mwamuna akuti atenga ana awiri akuluakuluwo, apo ayi satumiza ngakhale tambala. Ife timadziwa kuti ana ndi a mbumba yathu. Tiyambire pati?

Mayi a ku Luchenza:
Pepani ankhoswe, koma mawu akuti "ana ndi a mbumba yathu" musakawadalire kukhoti. Ndime 23 ya Malamulo Aakulu a dziko lino ndi lamulo la ana la 2010 zimaika patsogolo ubwino wa mwana. Majisitireti amafunsa kuti amawasambitsa ndani, amawaphikira ndani, sukulu ili pati, akagona m'nyumba yotani, komanso ngati pali nkhanza kapena uchidakwa. Wa zaka 2 kawirikawiri amatsala ndi mayi, ndipo makhoti sakonda kugawa ana ngati mbuzi. Wa zaka 11 akhoza kufunsidwa maganizo ake. A ofesi yosamalira anthu paboma akhozanso kutumidwa kudzaona pakhomo.

Ukwati wamwambo umathetsedwa kukhoti la majisitireti. Mayiyo akadandaule yekha kwa kalaliki wa khoti, alipire kandalama ka samani, mwamuna aitanidwe. Ankhoswe a mbali zonse mukakhalepo, chifukwa ndinu mboni yoti ukwati unalipo ndipo munayesa kuuluzanitsa. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna umboni woti banja lasweka moti silingakonzekenso.

Zoti mwamunayo akapanda kupatsidwa ana sathandiza, palibe lamulo lotero. Udindo wa bambo sutha ndi ukwati. Nanunso musamaletse bambo kuona ana ake chifukwa chakuti sanatumize ndalama, khoti silisangalala nazo.

Bambo a ku Bvumbwe:
Ine ndikhazikike pa chithandizo, chifukwa apa ndi pamene amayi ambiri amagwa. Amakaima m'khoti n'kungoti "azindithandiza". Majisitireti akafunsa kuti zingati, iwo duu. Tsono chigamulo chimatuluka chopanda mano.

Tengani kope, mulembe zimene ana atatuwo amadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi: chimanga ndi chigayo, ndiwo, sopo, mafuta, mayendedwe a kuchipatala. Pansi pake mulembe za pateremu: yunifomu, makope, nsapato, ndalama za mayeso. Mukatenge zikalata za kubadwa kwa ana, timabuku tawo ta kuchipatala ndi malipoti a kusukulu. Mukapemphe khoti kuti mwamunayo abweretse pepala lake la malipiro, chifukwa khoti limayeza zosowa za ana ndi kapezedwe ka makolo onse awiri.

Chenjerani ndi ntchito ya tiyi. Ngati ali wothyola, ndalama zimachuluka nyengo ya mvula masamba akamaphuka, koma chilimwe zimatsika ndipo ena amaimitsidwa. Mukawerengera pa malipiro a Febuluwale okha, pofika Ogasiti ayamba kulephera. Onani malipiro a chaka chonse.

Chigamulo chitchule ndalama zake, tsiku lolipira ndi njira yake. Za pamanja pewani, zimabala mikangano ya "ndinakupatsa", "sunandipatse". Zidzere kukhoti, apo ayi pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthengawo muziwasunga. Akadumphitsa mwezi, bwererani kukhoti lomwelo ndi nambala ya mlandu, osadikira kuti ngongole ifike chaka. Zinthu zikakwera mtengo mukhoza kukapempha kuti ndalamazo aziwonjezere.

Agogo a ku Limbuli:
Musaiwale nyumba. Pa chikamwini mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti amauzindikira. Ngati sanamange, zitchulidwe mlandu usanathe. Ngati inamangidwa, asasasule malata pamene ana akugonamo. Katundu yense mumulembe: njinga, mbuzi, wailesi, ndalama za banki m'khonde. Ntchito ya pakhomo ndi kumunda imawerengedwa pogawa, sikuti amene anatulutsa ndalama ndiye mwini zonse.

Ngati mwamunayo akuopseza kuti atenga anawo mwa mphamvu, musadikire tsiku la mlandu. Malire a Muloza ali pafupi, mwana akawolokera ku Mozambique kumubweza ndi chintchito. Pitani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo mupemphe khoti chigamulo chongoyembekezera choti ana akhale pamene ali. Loya wolipira akakukanikani, a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu, alipo. Pomaliza mlandu, kalata ya chigamulo muitenge ndithu, muijambulitse kawiri, ina isungidwe ndi inuyo ankhoswe.